Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo pa nkhani ya chakudya chogona

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Nduna ya Zamaphunziro, akuluakulu a makhonsolo a mizinda ndi maboma, ndiponso akuluakulu a bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards,

Ndikupereka moni mwaulemu kwa inu nonse, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha ntchito yolemera imene mumasenza posamalira moyo wa anthu a dziko lino. Ine ndine kholo, mayi wa ana anayi, ndipo ndinayamba kugwira mthiko ndili mtsikana wamng'ono kumudzi. Kalatayi ndailemba poyera kuti amayi anzanga, ophika m'sukulu, eni malesitilanti ndi mafumu aimvere limodzi nanu, pakuti nkhani yake ndi ya m'khitchini mwa aliyense. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, choncho ndikupempha kuti mulandire mawu angawa monga ochokera kwa mnansi wanu.

Nkhani yanga ndi ya chakudya chophikaphika chimene chimagona usiku wonse popanda firiji, n'kudyedwa m'mawa mwake. Kuno kwathu palibe amene saudziwa mkute. Tonsefe tinakulira mtanda wa nsima wotsala madzulo umene mwana amadya asanathamangire kusukulu, nyemba zogona zimene ambiri timati zimakoma kuposa za tsiku lomwelo, ndi mpunga wadzulo womwera tiyi. Mayi wa Chimalawi sataya chakudya, ndipo masiku ano pamene ufa, mafuta ophikira ndi makala zakwera mtengo chonchi, sangayerekeze n'komwe. Sindikulemba kuti ndinyoze mkute, chifukwa walera anthu ambiri amene lero ali m'maudindo. Dandaulo langa ndi lakuti chakudya chogona chikudwalitsa anthu tsiku ndi tsiku, pomwe uthenga ndi malamulo amene tili nawo sakufika pamafuwa pamene tikuphikira.

Chimene chandikakamiza kulemba chinachitika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Usiku wina ndinalandira foni yakuti mwana wanga wamkazi, amene amaphunzira pa sukulu ina yogonera pompo, amutengera kuchipatala pamodzi ndi anzake angapo. Ndinamupeza mbandakucha atagona pamphasa m'khonde la chipatala chifukwa mabedi anali atadzaza, diripu ili pamkono, milomo itauma, maso atalowa. Pambali pake panali beseni limene atsikana atatu ankalandizana posanza. Atapeza mphamvu zolankhula anandiuza kuti tsikulo linali la mpunga, tsiku limene ana onse amaliyembekezera, ndipo palibe anasiya kanthu m'mbale. Sipanathe maola atatu chidyereni pamene woyamba anayamba kusanza.

Pambuyo pake mmodzi mwa ophika, bambo wachikulire amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri, anandifotokozera mosabisa zimene zinachitika. Iwo anamva kuti magetsi azima tsiku lonse, ndipo nkhuni zinali zochepa, motero anaphikiratu mpungawo usiku wa dzulo lake, n'kuusiya m'mapoto akuluakulu ovundikira bwino kuti musalowe ntchentche kapena mphemvu. Masana anangowazamo madzi n'kuufunditsa. Bamboyo ankalira pondiuza, ndipo ankabwereza kunena kuti mpungawo sunanunkhe, sunasase, ndiponso iye mwini anaulawa. Ine ndinamukhulupirira, chifukwa nanenso ndachitapo chimodzimodzi kunyumba kwanga kambirimbiri. Pofika m'mawa mapoto anali atatsukidwa, palibe anatengako chakudyacho kuti chikayezedwe, ndipo pasanathe sabata mphekesera inali itafala yakuti wina anathira mankhwala m'chakudya cha ana. Ana onse anachira, ndipo ndikuthokoza Mulungu ndi anamwino amene anachezera nawo. Koma bambo uja anthu akumulozabe chala mpaka lero pa mlandu umene palibe anaufufuza.

Dokotala amene anathandiza mwana wanga ndiye anayamba kunditsegula maso, ndipo zina ndadziwa pofunsa ndi powerenga. Ndikuzilemba pano ngakhale kuti inu mukuzidziwa kale, chifukwa ambiri amene awerenge kalatayi sanazimvepo. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60, makamaka chikakhala chofunda ngati thupi la munthu. Zinthu zikatiyendera bwino tizilomboti, kamodzi kamagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, kutanthauza kuti pa maola 7 kamodzi kaja kakhoza kusanduka tizilombo toposa 2 miliyoni. Kuchokera 7 koloko madzulo pamene tapakula nsima kufika 6 koloko m'mawa ndi maola 11, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala khitchini ya malata siizizira usiku wonse. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene masana kumatentha kupitirira madigiri 40, mphika wa ndiwo umakhala wofunda mpaka tambala kulira.

Ambirife timakhulupirira kuti moto umapha chilichonse, ndipo apa ndi pamene tikupusitsika. Pali kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kamene kamakhala m'dothi, motero kamabwera ndi mpunga ndi ufa kuchokera kumunda. Kachilomboka kamadzikuta m'kachikhokho kolimba ngati njere, ndipo njere imeneyi siifa ndi moto wophikira. Mpunga ukamazizira pang'onopang'ono m'poto wovundikira, njere zija zimadzuka, tizilombo n'kuswana, n'kutulutsa poizoni amene satha mphamvu ngakhale mpungawo muuwiritsenso kapena kuukazinga. Munthu akadya amayamba kusanza pasanathe maola 6, monga zinachitikira ana aja. Palinso kena, Clostridium perfringens, kamene kamakonda nyama ya msuzi ndi nyemba zophikidwa m'miphika ikuluikulu, chifukwa pakati pa mphika wotere pamakhala pofunda kwa maola ambiri ndiponso sipafika mpweya. Kameneka kamachititsa kupotokola ndi kutsegula m'mimba patapita maola apakati pa 6 ndi 24, nthawi imene munthu waiwala kale zimene anadya dzulo. Kachitatu ndi Staphylococcus aureus, kamene kamakhala pakhungu, m'mphuno ndi m'mabala a anthu ngakhale athanzi, n'kulowa m'chakudya kudzera m'manja mwa wopakula. Poizoni wakenso salabadira moto.

Mayeso amene tinaphunzira kwa amayi athu ndi mphuno ndi lilime. Ndiwo zikasasa, zikachita thovu kapena zikayamba kunanda timadziwa kuti zawonongeka, ndipo timapatsa galu kapena nkhumba. Vuto ndi lakuti tizilombo tosasitsa chakudya ndi tina, todwalitsa munthu ndi tinanso, ndipo todwalitsato kawirikawiri sitisintha fungo, maonekedwe kapena kakomedwe. Mayi akhoza kununkhiza, kulawa, kufunditsa, n'kupatsa mwana wake ndi mtima woyera chakudya chimene chimugoneke m'chipatala.

Dandaulo langa loyamba likukhudza uthenga umene timalandira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, kuti chosungidwa chikhale mufiriji pansi pa madigiri 5, kuti chodikira kudyedwa chikhale chotentha kupitirira madigiri 60, ndipo chogona chitenthetsedwe mpaka chiwire paliponse. Malangizowa ndi oona, koma kwa Mmalawi wamba mbali yake yaikulu ndi yosatheka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zinkaunikira magetsi, ndipo ngakhale chiwerengerochi chakwerako, kukhala ndi babu m'nyumba sikutanthauza kukhala ndi firiji. Amene ali nayonso akudziwa kuti siyodalirika. Pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwake kwa maola 4 okha magetsi akazima, koma ndi angati mwa ife anauzidwa zimenezi m'miyezi yonse ija? Tinkangotsegula, kununkhiza, n'kutsekanso.

Munthu ukamuuza kuti aike ndiwo mufiriji pomwe alibe, amangoona kuti uthengawo ndi wa anthu ena, ndipo amausiya wonse, ngakhale mbali zimene akanatha kuzitsatira. Komatu zilipo zotheka popanda magetsi. Agogo athu ankawiritsanso ndiwo asanagone, n'kuvundikira osaviikamonso chipande kapena chala, kenako n'kuziwiritsanso m'mawa mpaka kubwata. Njira imeneyi imapha tizilombo tamoyo ndipo imachepetsa ngozi, ngakhale kuti siichotsa njere zija kapena poizoni wa mumpunga. Ankadziwanso kufutsa masamba, kuwamba nyama ndi nsomba, ndi kusasitsa thobwa, ndipo kusasa koteroko kumalepheretsa tizilombo tambiri kuswana. Lero chifukwa cha kudula kwa makala ambiri tasiya kuwiritsa, timangoika mphika pa mbaula imene ikuzima kuti ndiwo zifundeko, ndipo kufunda kumeneko ndi kumene tizilombo timakufuna. Sindinamvepo pa wailesi wina akusiyanitsa kufunditsa ndi kuwiritsa, kapena kunena momveka kuti mpunga ndi woopsa kuugoneka kuposa mmene timaganizira, kapenanso kuchenjeza kuti mtsuko wadothi woziziritsira madzi ndi tomato sufika kuzizira kosungira ndiwo zophika.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti nkhani ya chakudya timaikumbukira kukabuka kolera basi. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo unali woopsa kuposa ina yonse imene dziko lino laonapo. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo malonda a zakudya zophikaphika m'misewu, m'misika ndi m'sukulu analetsedwa. Sindikutsutsa chiletsocho, chifukwa anthu ankafa ndipo panafunika kuchitapo kanthu msanga. Koma chiletso sichiphunzitsa munthu. Mayi wogulitsa mpunga, zitumbuwa kapena nsomba zokazinga anangosamukira kuseri kwa msika, chidebe atachiphimba ndi chitenje, chifukwa ana ake amadya kuchokera m'chidebemo. Mliri utatha anabwerera pamalo ake akale ndi nzeru zake zakale, osadziwa kuti kachilombo ka kolera kamaswananso m'chakudya chophika chimene chakhala nthawi yaitali chitagwiridwa ndi manja akuda, ndiponso kuti kameneko kamafa chakudya chikawiritsidwa bwino. Mwayi wophunzitsa anthu pamene makutu awo anali otseguka ndi mantha unatidutsa.

Chachitatu ndi za malo odyera. Aliyense amene amadya masana m'tauni akudziwa, ngakhale sitinena, kuti m'malesitilanti ambiri aang'ono ndiwo zotsala dzulo zimasakanizidwa ndi zatsopano, mpunga wogona umakazingidwa ndi anyezi n'kugulitsidwa ngati wa lero, ndipo nkhuku yotsala pachiwaya imagona m'beseni n'kubwezeredwa m'mafuta m'mawa. M'madepoti a mabasi samusa, soseji ndi mazira owiritsa zimazungulira padzuwa m'zidebe zapulasitiki kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo zotsala sizitayidwa. Ochita malondawa si anthu oipa mtima. Phindu lawo ndi lochepa kwambiri moti kutaya theka la poto wa nyama ndi kutaya mpamba wonse. Wotolera ndalama za msika amawafika tsiku lililonse osaphonya, koma woyendera zaukhondo amafika mwa apo ndi apo, ndipo akafika amayang'ana chiphaso, chimbudzi, madzi osamba m'manja ndi kalata ya kuchipatala ya wophika. Zonsezo n'zofunika. Koma funso lakuti ndiwo izi zaphikidwa nthawi yanji ndipo zagona kuti silifunsidwa, ndipo sindinaonepo woyendera atanyamula kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya, kamene mtengo wake sufika ngakhale pa mafuta a galimoto ya ulendo umodzi. Malamulo athu a zaumoyo wa anthu maziko ake ndi lamulo la 1948, la m'nthawi ya atsamunda, pamene mizinda yathu inalibe khamu la anthu odyera m'misewu ngati lero.

Chachinayi ndi maliro, maukwati, zinkhoswe, sadaka ndi misonkhano ya mipingo, kumene timaphikira anthu mazanamazana. Pamaliro amayi timachezera pamoto, nyemba timaziika usiku m'miphika ikuluikulu kapena m'migolo yodula pakati, nyama imaphikidwa mbandakucha, koma anthu amadya masana akabwerako kumanda. Paukwati mpunga ndi nkhuku zimaikidwa m'timabokosi m'mawa, n'kudikira m'galimoto yotentha mpaka perekaniperekani atatha madzulo, ndipo zotsala alendo amapita nazo kunyumba kukapatsa ana mawa lake. Anthu akadwala atachoka pamwambo wotere, mawu oyamba amene amamveka ndi akuti atithirira. Mabanja adana, okalamba anenedwa ufiti, ndipo ena athamangitsidwa m'midzi pa nkhani zimene mwina gwero lake linali mphika wogona.

Abale athu a ku Mozambique anaona zimenezi mowawa. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete chimene tachita nacho malire, anthu 75 anamwalira ndipo oposa 200 anadwala atamwa mowa wa chimanga pa tsiku la maliro. Mbiri imene inafala inali yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Mowawo ndi ufa wake zitayezedwa mu labotale, kunapezeka kuti munali poizoni wopangidwa ndi kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kanaswana mu ufa wowonongeka. Imeneyi sinali nkhani ya mkute, koma ikutionetsa kuti choonadi chinadziwika chifukwa chakuti wina anasunga zotsala n'kuzipititsa kukayezetsa. Kwathu kuno mapoto amatsukidwa usiku womwewo, odwala amalembedwa m'kaundula kuti akutsegula m'mimba, amapatsidwa Thanzi ORS, n'kubwerera kwawo, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Chomaliza pa madandaulo anga ndi ana aang'ono, ndipo ichi n'chimene chimandipweteka kwambiri. WHO inawerengera mu 2015 kuti chaka chilichonse anthu 600 miliyoni padziko lonse amadwala chifukwa cha chakudya choipa, 420,000 amamwalira, ndipo mwa omwalirawo 125,000 ndi ana osakwana zaka 5. Chigawo cha Africa ndicho chili ndi mtolo wolemera kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Taganizirani mayi amene waphika phala 5 koloko m'mawa, walithira m'kapu, n'kupita kuganyu kapena kumsika, kumusiyira mwana wazaka 8 kuti azidyetsa khanda tsiku lonse ndi supuni imodzi yomwe ikungobwerera m'kapumo. Khandalo likatsegula m'mimba timati akumera mano. Kusikelo amatiphunzitsa bwino za magulu 6 a zakudya ndi kuthira nsinjiro m'phala, koma za maola amene phalalo lingakhale m'kapu sitimva kawirikawiri. Chimene chimangovutitsa munthu wamkulu tsiku limodzi chikhoza kupha khanda, mayi woyembekezera, gogo, kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chochepa.

Pa zifukwa zimenezi ndikupempha mwaulemu zinthu izi.

1. Unduna wa Zaumoyo ukonze uthenga wa chakudya chogona wolembedwera khitchini yopanda firiji, m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilhomwe, Chisena, Chitonga ndi zilankhulo zina, ndipo uzimveka pa wailesi za m'madera chaka chonse, makamaka kuyambira Seputembala mpaka nyengo ya mvula itatha. Uthengawo unene zinthu ndi maina ake: kuti mpunga tiziphika wokwanira kudya nthawi yomweyo, kuti ndiwo zogona ziziwiritsidwa mpaka kubwata paliponse osati kungofunditsidwa, kuti zisatenthetsedwe kangapo, kuti fungo labwino si umboni wakuti chakudya chili bwino, ndiponso kuti khanda, mayi woyembekezera ndi wodwala asapatsidwe mkute. Usatiuze kuti tizitaya chakudya osatiuza chochita m'malo mwake, chifukwa sitidzamvera.

2. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi ndi kuphunzitsa kusikelo apatsidwe phunziro limeneli kuti aziliphatikiza pa zimene amaphunzitsa kale.

3. Unduna wa Zamaphunziro, mogwirizana ndi wa Zaumoyo, ukhazikitse lamulo lolembedwa la makhitchini a sukulu zonse zogonera pompo, za boma, za mipingo ndi za anthu, loletsa kuphikiratu chakudya cha mawa. Khitchini iliyonse ikhale ndi nkhuni kapena njira ina yophikira magetsi akazima, kachipangizo koyezera kutentha, ndi kope lolembamo nthawi imene chakudya chaphikidwa ndi imene chagawidwa. Ophika aphunzitsidwe ntchito yawo ndi kupatsidwa ulemu, chifukwa munthu amene akudyetsa ana mazana angapo katatu pa tsiku wasenza miyoyo yambiri kuposa mmene malipiro ake amasonyezera. Lamulo lomweli lifikenso m'zipatala, m'ndende ndi m'malo osungira ana amasiye.

4. Makhonsolo aike maphunziro aafupi, a tsiku limodzi ndiponso aulere, kwa onse ogulitsa zakudya zophika, kuphatikizapo a pachiwaya ndi oyenda ndi zidebe, ndipo mbali ina ya ndalama za msika zimene amatolera tsiku lililonse ipite ku madzi, malo osambira m'manja, ndi firiji ya onse yoyendera mphamvu ya dzuwa m'misika ikuluikulu. Oyendera zaukhondo apatsidwe zoyezera kutentha, ndipo poyamba azibwera kudzalangiza, chilango chizibwera kwa amene wachenjezedwa koma osasintha.

5. Anthu awiri kapena kuposerapo akadwala atadya malo amodzi, chipatala chizidziwitsa ofesi ya zaumoyo ya boma tsiku lomwelo, chakudya chotsala chizisungidwa ndi kutumizidwa ku labotale, ndipo zotsatira zake ziziuzidwa kwa makolo, mafumu ndi anthu a m'deralo. Nthambi yolondoloza matenda ya Public Health Institute of Malawi izitulutsa poyera chaka chilichonse chiwerengero cha zochitika zotere ndi zimene zinapezeka. Pempho ili ndalitsindika chifukwa likuteteza odwala komanso anthu osalakwa amene amanamiziridwa kuthira mankhwala.

6. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limodzi ndi akatswiri a ku mayunivesite a LUANAR, MUBAS ndi KUHeS, liyeze zakudya zathu zenizeni monga mmene timazisungira: nsima ya ufa woyera ndi ya mgaiwa, kondowole, nyemba, nandolo, usipa wa msuzi, masamba otendera, futali ndi phala la ana. Atiuze kuti chilichonse chimatha maola angati m'nyengo yotentha ndi yozizira, ndiponso kuti njira ya agogo yowiritsa usiku ndi m'mawa imateteza mpaka pati. Malangizo ambiri amene tili nawo anayezedwa pa zakudya za anthu ena m'makhitchini a anthu ena.

7. Ma DC akhale pansi ndi mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti kuti agwirizane za kaphikidwe ka pamaliro ndi pamaphwando, monga kuphika m'magawo m'malo mophika zonse usiku, kupakula ndi zipande osati manja, ndi kuika madzi ndi sopo pamene amayi akuphikira. Mfumu ikalankhula pasiwa anthu amamva kuposa chikwangwani cha pachipatala.

8. Tsiku la 7 Juni, limene mayiko amakumbukira za chakudya chosadwalitsa kuyambira mu 2019, lizichitikira m'misika ndi m'makhitchini a sukulu, kumene kuli miphika.

Ndikudziwa kuti thumba la boma ndi loperewera ndipo zofuna ndalama ndi zambiri, koma zambiri mwa zimene ndapemphazi zikufuna kalata yochokera ku likulu, mphindi zochepa pa wailesi, ndi kuwonjezera tsamba limodzi pa maphunziro amene akuchitika kale. Mwana wanga wabwerera kusukulu, ndipo pa ndandanda wa chakudya tsiku la mpunga likadalipo sabata iliyonse, magetsi akuzimabe, ophika ndi omwe aja, ndipo palibe wabwera kudzawauza chimene chinalakwika usiku uja. Ndikupempha kuti kalata yopita kwa aphunzitsi aakulu a sukulu zogonera pompo ituluke teremu ino isanathe, ndipo ndidzakhala ndikutchera khutu ku wailesi kuti ndimve yankho lanu pa mfundo zinazo.

Ine wanu mwaulemu,

Kholo la mwana wa sukulu yogonera pompo,
Lilongwe